Denga limodzi, eni awiri: alipire ndani?

Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru. Kuno ku Dedza boma tili m'nyumba ya mbali ziwiri, denga limodzi, aliyense mbali yakeyake. Pamsonga pomwe malata amakumana pakudontha, madzi amatsata mtanda n'kugwera kwanga, moti siling'i yafufuma. Mmisiri wapeza mitanda iwiri yodyedwa ndi chiswe, misomali yakhwepa, malata 6 a geji 32 achita dzimbiri m'mabowo. Tinamata phula koma pa dzimbiri silikugwira.

Anebawo akuti kwawo sikudontha, choncho salipira. Takambirana, tafika mpaka kwa amfumu, zakanika. Chonsecho mtanda womwe madzi amatsatawo ndi umodzi wodutsa mbali zonse!

Kodi ndalama zotere zimagawidwa pakati, kapena potengera malata a mbali iliyonse? Nanga ndikakonza ndekha mvula isanayambe, malisiti ndi kalata ya mmisiri zingandithandize kukhoti la majisitireti?