Mafayilo akuluakulu akukana kuchoka pa NAS titayatsa jumbo frames

Chikondi M.: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kampani ina yosindikiza mabanala ku Graniteside kuno ku Harare ili ndi makompyuta 12 a Windows, NAS imodzi (bokosi losungiramo mafayilo pa netiweki), switch ya managed (bokosi lolumikiza makompyuta, lotheka kulisintha makonzedwe) ya gigabit ya mapoti 24, komanso kaswitch ka mapoti 8 kuchipinda cha ojambula. Tayatsa jumbo frames, kutanthauza kuti takweza MTU (malire a msinkhu wa paketi imodzi) kuchoka pa 1500 ya masiku onse kufika pa 9000, pa NAS, pa switch yaikulu ndi pa makompyuta anayi a ojambulawo kuti mafayilo aziyenda msanga. Tsopano foda ikutseguka, ping (lamulo loyesera ngati chipangizo chikufikirika) ikuyankha, koma fayilo yaikulu ikumaima poyambirira mpaka kudula. Makompyuta asanu ndi atatu amene sitinawakhudze akukopa bwinobwino. Vuto lili pati?

Bambo Phiri: Achimwene, yang'anani kaswitch kakang'onoko. Kompyuta ndi NAS zikamalumikizana pa TCP zimauzana MSS (malire a katundu amene chilichonse chingalandire mu paketi imodzi), ndipo zimatsata yaing'ono. Makompyuta a 1500 amanena 1460, NAS n'kumawatumizira tizidutswa ta msinkhu umenewo, n'chifukwa chake ali bwino. A ojambulawo amanena 8960, NAS n'kuvomera, koma palibe amene wafunsa switch ya pakati. Frame ikaposa msinkhu wake imangoitaya mwakachetechete, chifukwa switch ya layer 2 situmiza uthenga wa ICMP wodziwitsa za vutolo. Ping wamba ya Windows ndi mabayiti 32 okha, ndiye singakuuzeni kanthu. Yesani chonchi:

ping -f -l 1472 adiresi_ya_NAS
ping -f -l 8972 adiresi_ya_NAS

8972 ndi 9000 kuchotsapo 20 ya IP ndi 8 ya ICMP, ndipo -f imaletsa kuduladula paketi. Ikati "Packet needs to be fragmented but DF set", ndiye kuti khadi ya kompyutayo ikadali pa 1500. Ikati "Request timed out", paketi yatuluka koma yafera m'njira. Pa Linux lembani ping -M do -s 8972.

Mayi Nkhoma: Ndiwonjezerepo pa manambala, chifukwa aliyense amawerenga mwake. Pa makhadi a Intel mu Device Manager mupeza Jumbo Packet 9014, yomwe ndi 9000 kuphatikiza 14 ya header ya Ethernet, ndipo ndiyo yoyenera kusankha. Switch nthawi zambiri imawerenga frame yonse: 9018 pamodzi ndi FCS (mabayiti 4 otsimikizira kuti frame sinaonongeke), 9022 ngati pali tag ya VLAN (gawo la netiweki lopatulidwa mkati mwa switch). Mukalemba 9000 ndendende pa switch yotere, paketi yodzaza siidutsa. Ikani yaikulu imene ikulola, zambiri zimafika 9216. Kuti muone MTU yeniyeni pa Windows lembani netsh interface ipv4 show subinterfaces. Muonenso ma counter a poti, ngati oversize kapena giants akukwera pamene mukukopa.

Chikondi M.: Zikomo kwambiri nonse. 1472 ikuyankha paliponse. 8972 ikufa ndikadzera pa kaswitch, koma kompyuta yomweyo ndikailumikiza mwachindunji pa switch yaikulu ikuyankha, fayilo n'kukopeka. Kaswitchko ndi ka unmanaged, kalibe poti n'kusintha. Ndigule kena?

Bambo Phiri: Popeza makompyutawo ndi anayi okha, kokani zingwe za Cat6 kuchokera pa switch yaikulu mpaka kuchipindako, bola chilichonse chisapitirire mamita 100. Ndipo musaiwale kusunga config ya switch yaikuluyo. Pa ma switch ambiri zosintha zimakhala mu running config (makonzedwe a kanthawi, osasungidwa) basi, magetsi akathima UPS n'kutha, imadzuka ili pa 1500 vuto lomweli n'kubweranso. Ma switch ena amafunanso reboot kuti MTU yatsopano igwire.

Achimwene Banda: Ine ndifunse kaye: phindu lake ndi lotani pa gigabit? Pa 1500, mabayiti 1460 mwa 1538 alionse pa chingwe ndi katundu weniweni, pafupifupi 95%. Pa 9000 ndi 8960 mwa 9038, pafupifupi 99%. Ndiye mukuchoka cha pa 118 MB/s kufika cha pa 123 MB/s, ndipo zimenezo zikutengera kuti ma disk a NAS akukwanitsa. Ikani iperf3 (pulogalamu yoyezera liwiro la netiweki) mbali zonse, muyeze pa 1500 ndi pa 9000 musanawononge ndalama ya abwana. Malangizo anga ndi oti mubwezere zonse pa 1500 lero ntchito ipitirire. Ojambula akafuna liwiro lenileni, njira ndi makhadi a 2.5G kapena 10G ndi switch yake.

Mayi Nkhoma: Ndikugwirizana nawo a Banda. Mukakakamirabe pa jumbo, muipatse VLAN yakeyake, momwe muli poti yachiwiri ya NAS ndi makompyuta a ojambula okha, onse pa 9000. Ma printer, mafoni a VoIP, Wi-Fi ndi router zikhale pa 1500, chifukwa UDP siikambirana MSS ngati TCP. Kumbali ya intaneti musakhudzeko: ngati fibre yanu imalowa ndi PPPoE, MTU yake nthawi zambiri ndi 1492, ndipo muiyesa ndi ping -f -l 1464.