Amuna anga ali ku Portugal, ukwati wathu ndi wa chinkhoswe: ndiyambire pati kuti ndiwatsatire?

Nabanda wa ku Ulongwe:

Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mapepala. Amuna anga akugwira ntchito ya zomangamanga ku Setúbal m'dziko la Portugal, ndipo khadi lawo lokhalira m'dzikomo akhala nalo chaka ndi miyezi inayi. Akufuna kuti ine ndi ana tiwatsatire. Tinakwatirana mwa chinkhoswe, ku Registo, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kubadwa, sitinapiteko. Ana alipo awiri: wa zaka 4 ndi wa iwowo, wa zaka 11 ndinabereka ku banja loyamba. Ine ndinabadwira ku Dedza nthawi ya nkhondo, koma BI yanga, chiphaso cha unzika, ndi ya kuno ku Mozambique. Ena akuti ndikapemphe visa ya alendo, zina zonse ndikakonzere komweko. Wina mu mzinda wa Tete akuti ndimupatse ndalama andithamangire zonse. Ndiyambire pati?

AJere a ku Moatize:

Mayi Nabanda, nkhaniyi siyambira kuno ayi. Woyambitsa ndi bambo a kunyumbawo, komweko ku Portugal. Chimene mukufunacho pa Chipwitikizi amati reagrupamento familiar, ndipo amakapempha ku AIMA, bungwe loona za anthu obwera lomwe linalowa m'malo mwa SEF mu Okutobala 2023. AIMA ikavomera imauza ofesi ya kazembe, ndiye inu mumapita kukapempha visa yokakhala. Mukathamangira ku Beira, kumene kuli ofesi ya kazembe wa Portugal, AIMA isanavomere, mungowononga ndalama ya basi.

Za visa ya alendo iwalani. Njira yolowa ngati mlendo n'kukapempha khadi uli kale mkati, ija ankati manifestação de interesse, anaitseka mu Juni 2024. Lamulo la mu Okutobala 2025 linatsekanso mpata wina umene anthu a m'mayiko olankhula Chipwitikizi ankadzera: khadi lokhalira la anthu a m'mayikowo, la CPLP, tsopano limafuna kuti munthu alowe ndi visa yokakhala. Komanso mukanena kuti mukungokacheza pomwe mwamuna ali komweko ndipo ana muli nawo kumbuyo, wokufunsaniyo sachedwa kuona kuti simudzabwerera. Akakukanani, kukanidwako kumalembedwa ndipo kumadzaoneka mukamapemphanso.

Lamulo la 2025 lomwelo linaika nthawi yodikira. Mwini khadi ayenera kukhala atatha zaka ziwiri ali ndi chilolezo asanaitanitse banja. Nthawiyo imatsika kufika pa miyezi 15 ngati mwamuna ndi mkazi anakhalira nyumba imodzi miyezi 18 kapena kuposa, mpaka pamene mwamunayo ananyamuka. Koma inu muli ndi khomo lotseguka: ana aang'ono sadikira, ndipo mkazi amene ali ndi mwana wamng'ono ndi mwini khadiyo nayenso sadikira. Ndiye katengeni lero kalata ya kubadwa ya mwana wa zaka 4 uja, muone ngati dzina la bambo linalembedwa. Ana ambiri analembetsedwa ndi mayi okha bambo ali kuntchito kutali, pamalo pa bambo pali mzere chabe. Ngati zili choncho, bambo avomereze mwanayo mwalamulo, perfilhação, zina zonse zisanayambe.

Chimagwetsa anthu ambiri ndi ndalama ndi nyumba. Muyeso wake amautengera pa malipiro otsikitsitsa a dzikolo, omwe mu 2026 ali ma euro 920 pamwezi. Munthu wamkulu woyamba amamuwerengera yonseyo, wachiwiri theka, mwana aliyense magawo 30 pa 100. Kwa inu ndiye 920, kuphatikiza 460, kuphatikiza 276 kawiri, zonse pamodzi ma euro 1,932 pamwezi. Umboni wake ndi kontrakiti ya ntchito, ma recibo a malipiro a miyezi yaposachedwa, kalata ya msonkho ya IRS ndi za ku banki. Ya ovataimu imene bwana amapereka pamanja sioneka paliponse, choncho siwerengedwa. Nyumbanso pakhale kontrakiti ya lendi ya m'dzina lawo, yolembetsedwa ku Finanças, ofesi ya msonkho. Bedi la m'chipinda chogona amuna anayi a kuntchito si nyumba yolandirira mkazi ndi ana awiri. Malipiro akaperewera, mabanja ena amayamba ndi mkazi ndi mwana mmodzi, winayo n'kudzamuitanitsa pambuyo. N'zowawa, koma kulemba anthu onse pomwe ndalama sizikukwana kumagwetsa pempho lonse.

Wa ku Tete uja mufunseni chimene akugulitsa. Chivomerezo cha AIMA sichigulidwa pa khonde la munthu. Pasipoti yanu musamusiyire.

Mayi Nangozo a ku Furancungo:

Achemwali, aJere afotokoza za kutsidya, ine ndinene za kuno, chifukwa n'kumene miyezi imathera.

Chinkhoswe ndi ukwati pamaso pa ankhoswe, amalume ndi amfumu, koma ku Setúbal palibe amene adzaitane ankhoswe kuti achitire umboni. Lamulo lathu la banja, la 2004 lomwe linakonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa ku boma, wa kutchalitchi ndi wa mwambo, bola ukhale wa mkazi mmodzi ndipo ulembetsedwe ku Conservatória do Registo Civil. Osalembetsa, mulibe pepala. Chapafupi n'kukatsegula processo, fayilo ya ukwati, ku Conservatória ya m'boma lanu. Amafuna BI za nonse awiri, makalata a kubadwa, kalata ya ku bairro yosonyeza kumene mukukhala, ndi mboni pa tsikulo. Mayina amayamba aikidwa pa bolodi masiku angapo kuti wotsutsa atsutse, choncho si zoti mwamuna afika Lachisanu n'kukwatira Lolemba. Tsegulani processo iwo asanakwere ndege, tsiku la ukwati ligwere mkati mwa tchuthi chawo.

Ilipo njira ya união de facto, yokhalira limodzi osalembetsa. Portugal imaivomereza pakapitirira zaka ziwiri, koma umboni wake ndi wovuta kwa ife amene nyumba zathu zilibe risiti ya magetsi ya mayina awiri. Ine ndingati lembetsani ukwati. Poti deti la pa kalatayo lidzakhala la posachedwa, sungani zosonyeza kuti banjali ndi lakale: khadi la ubatizo la mwana, zithunzi za pa chinkhoswe, kalata ya secretário wa bairro yonena zaka zimene munakhala limodzi, ndi marisiti a ndalama zimene amatumiza.

Tsopano mayina, ndipo apa ndikhalitsapo. Yalani pa mphasa cédula (kabuku ka kubadwa), BI, pasipoti, ndi makalata a kubadwa a ana onse awiri, muwerenge chilembo ndi chilembo, chala chili pa pepala. Ife a m'malire dzina limodzi timalilemba pawiri. Mlembi wophunzira Chipwitikizi amalemba Mbeue, wa ku Malawi amalemba Mbewe. Chimuemue ndi Chimwemwe. Piri ndi Phiri. Kumudzi aliyense akudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kwa wa pa kompyuta ku Lisboa amenewo ndi akazi awiri, ndipo mwana amene mayi ake ndi Mbeue si mwana wa Mbewe. Onaninso deti lobadwa ndi malo obadwira. Ambiri amene anabwerako ku Malawi mtendere wa 1992 utabwera analembetsedwa mochedwa, ena n'kuwaikira 1 Januwale, ena n'kulemba kuti anabadwira ku Angónia pomwe satifiketi ya sukulu ikuti Dedza. Chimene boma limatsata ndi assento de nascimento, zolembedwa m'kaundula wa ku Registo. Pepala lililonse losemphana ndi kaundulayo likonzedwe, ndipo ngati cholakwa chili m'kaundula momwemo pemphani kuti akonze, rectificação. Mukonze kaundula choyamba, kenako BI ku DIC, ofesi ya ziphaso, pomaliza pasipoti ku SENAMI, ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko. Mukayamba ndi pasipoti mudzalipira kawiri.

Kalata ya kubadwa pemphani certidão narrativa completa, yokopera zonse za m'kaundula, osati cédula ya m'thumba. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake.

Nabanda wa ku Ulongwe:

Zikomo kwambiri aJere ndi amayi. Ndayang'ana, dzina la bambo lilipo pa kalata ya wamng'onoyo. Koma tchuthi sangachipeze chaka chino, ndiye ukwati tingamange bwanji? Komanso bambo a mwana wamkuluyo ali ku Lilongwe, kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, amalume ake avomera kale. Sizokwanira?

Mayi Nangozo a ku Furancungo:

Sizokwanira, achemwali. Za mbumba ndi zathu, pa bwalo la ndege amafunsa bambo wolembedwa pa kalata. Ngati dzina lawo lili pamenepo, pamafunika kalata yawo yololeza kuti mwana atuluke m'dziko ndi kukakhala ku Portugal, yosainidwa pamaso pa notário, mkulu wotsimikizira zikalata mwalamulo, pamodzi ndi kope la chiphaso chawo. Akasainira ku Lilongwe, kalatayo idindidwe komweko apostille, chidindo choivomerezetsa m'mayiko a m'pangano lake, chifukwa Malawi ili m'pangano limenelo, kenako imasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka. Zathu za kuno sizidindidwa apostille, zimadzera ku unduna wa za kunja, MINEC. Akakana kapena akasowa, pitani ku khoti mukapemphe chigamulo chokupatsani mphamvu pa mwanayo. Ngati anamwalira, kalata ya imfa. Tumizani amalumewo akakambirane nawo mwaulemu msanga, chifukwa za kukhoti zimatenga miyezi.

Za ukwati, lamulo limalola kuti mmodzi wa okwatiranawo aimiriridwe ndi munthu wina kudzera mu procuração yapadera, kalata yopatsa wina mphamvu yomuimira, yotchula dzina la amene akumukwatirayo. Angakaipangitse ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lisboa n'kutumiza yeniyeniyo, osati chithunzi cha pa WhatsApp. Ukwati wotero ndi wovomerezeka, kungoti umabweretsa mafunso ambiri, ndiye umboni wakale uja ukhale wochuluka.

Bambo Tembo a ku Zóbuè:

Ndiwonjezere za nthawi, poti mapepala ena amavunda ngati matimati. Registo criminal, kalata yosonyeza ngati munapalamulapo mlandu, amaiwerengera miyezi itatu yokha, pomwe AIMA lamulo latsopano linaipatsa mpaka miyezi 9 kuti iyankhe. Tanthauzo lake n'lakuti mudzaitenga kawiri: ina yotumiza kwa bambo pamene akupempha, ina yatsopano yopita nayo kokapempha visa. Musadandaule nazo, ndi mmene zimakhalira. Ana osakwana zaka 16 saifuna. Ngati mutakula munakhalako ku Malawi kupitirira chaka, mungafunikenso kalata ya apolisi a kumeneko.

Chivomerezo chikatuluka muli ndi masiku 90 oti mupereke pempho la visa. Akadutsa, chivomerezocho chafa, bambo ayambirenso. Choncho tsiku lomwe alandira kalatayo, yambani kusaka tsiku lokaonekera. Ife a ku Tete tili pansi pa Consulado-Geral ya Portugal ya ku Beira. Werengani mndandanda wa zofunika pa tsamba lawo la pa intaneti sabata yomwe mukunyamukayo, osadalira wa mnzanu wa chaka chatha. Kuchokera mu mzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope, ndipo inu muwonjezere mtunda wa ku Ulongwe. Fikani kutatsala tsiku, ndi ana onse, mapepala enieni ndi makope ake. Pasipoti imatsala komweko, ndiye musakonze ulendo wa ku Malawi masabata amenewo.

Tikiti ya ndege, kugulitsa ng'ombe, kuchotsa ana sukulu, zonsezi zidikire visa imatidwe mu pasipoti. Ikatuluka onani dzina ndi madeti musanachoke pa windo. Imakhala ya miyezi inayi, yolowera kawiri, ndipo mkati mwa miyezi imeneyo muyenera kukaonekera ku AIMA kuti akujambuleni ndi kutenga zidindo za zala.

Nachisale wa ku Tsangano:

Ine ndinene za chikwama ndi za kusiya pakhomo. Ndege yosatsika panjira ndi ya TAP, Maputo mpaka Lisboa, ndiye mumayamba mwakwera pa Chingodzi kupita ku Maputo. Musiye maola okwanira pakati, kapena mugone ku Maputo, chifukwa matikiti akakhala osiyana ndege yachiwiri sikudikirani. Mapepala onse enieni akhale m'chikwama cha m'manja.

Nyama ndi za mkaka salola kulowa nazo ku Ulaya, ngakhale nyama yofutsa. Mbatata ya kachewere isiyeni, amalanda. Ufa mutha kutenga. Nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu, choncho kapenta ndi chicoa zimadutsa, koma mangani m'mapulasitiki awiri kapena atatu, apo ayi zovala zonse zidzanunkha Cahora Bassa. Ndalama zikafika ma euro 10,000 mumayenera kuzinena polowa.

Za ana: makadi a katemera, ndi kalata ya kusukulu ya wamkuluyo yosonyeza kalasi ndi magiredi, yodindidwa, kuti akamuike m'kalasi yoyenera. Sukulu kumeneko imatsegulira mu Seputembala, osati kumayambiriro kwa chaka ngati kuno. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP kaya ma ARV, atenge kalata ya kuchipatala ndi mankhwala a miyezi ingapo m'mabotolo ake. Mwana akatentha thupi m'masabata oyamba, nenani msanga kwa dokotala kuti mwachokera kwa malungo, chifukwa iwo saganizira zimenezo poyamba. Kuzizira kwa Disembala mpaka Febuluwale musakuyerekeze ndi kwa Juni wa ku Angónia: kumabwera ndi mvula ndi chinyontho, ndipo nyumba zambiri za lendi zilibe chotenthetsera.

Kuno siyani procuração kwa m'bale mmodzi wodalirika, yotchula zimene angachite pa munda, nyumba ndi banki, osati yomulola chilichonse. Nambala ya foni imene ili ndi M-Pesa kapena e-Mola muziidyetsa, chifukwa ikakhalitsa osagwira ntchito amaitseka. Mukafika, yambani ndi NIF, nambala ya msonkho, ku Finanças, kenako kalata ya kumene mukukhala ku Junta de Freguesia (ofesi ya boma ya m'dera lanu), nambala ya kuchipatala ku centro de saúde, ndi NISS, nambala ya Segurança Social ya ogwira ntchito, mukafuna kuyamba ntchito. Pasipoti yanu ndi za ana muzisunga nokha, ndipo makope ake mutumize ku imelo yanu musananyamuke.