Zomwe ndikuchita pano pa funso langa lija la makasitomala oyenera kuwabweza

Anamwino anzanga, paja ndinafunsa kuti munthu amene wangoyamba kumene kubaya Botox (mankhwala ochepetsa makwinya) ndi filler (mankhwala odzaza pansi pa khungu) kuno ku England angadziwe bwanji kasitomala woti amubweze. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Pano tsiku loyamba sindigwira jakisoni. Timacheza, ndimamujambula, kenako amapita kwawo kukaganiza bwino. Za msinkhu palibe zokambirana: kuyambira pa 1 Okutobala 2021 lamulo limaletsa kubaya zimenezi munthu wosakwana zaka 18, ndiye ndimapempha chiphaso ngakhale atabwera ndi mayi ake. Komanso poti ndilibe V300, satifiketi yolola namwino kulemba mankhwala, wondilembera mankhwala amayenera kuonana ndi kasitomala maso ndi maso. NMC, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku UK, inaletsa anamwino zolembera patali mankhwala okongoletsa ngati amenewa kuyambira pa 1 Juni 2025.

Woyembekezera, woyamwitsa, wodwala myasthenia gravis (matenda ofooketsa minofu) kapena wa zilonda pamlomo savuta kumukana. Wovuta ndi uja wobwera ndi chithunzi chokonzedwa cha pa Instagram. Mayi wina sanatule galasi nthawi yonse yomwe tinkacheza, akuloza kamzera pambali pa mphuno koti ine ndinachita kuyandikira kuti ndikaone, chonsecho anali atasungunulitsa kale filler kwina. Zizindikiro za body dysmorphic disorder, vuto la maganizo lodera nkhawa mopitirira muyeso ndi chilema chomwe ena sachiona n'komwe, zinali poyera. Ndinawauza mwaulemu kuti singano singathetse zimenezo, akaonane kaye ndi GP, dokotala wawo wa nthawi zonse. Anachoka atakwiya ndithu, koma ndalama yotereyo bola ipite.

Kwa ife akhungu lakuda ndawonjezera funso la zipsera zotupa, ma keloid aja, ndi mawanga otsala bala likapola. Pa fomu yomwe anatipatsa kukosi funso limeneli panalibe, ndiye onaninso yanu.