Ndisindikize buku kapena ndalamayi ndigulire kompyuta ya ku ofesi?

Moni nonse pa gulu pano. Ndimangowerenga za anzanga, lero ndabwera ndi langa.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndili ndi kaofesi ku Kamwala, mu Lusaka. Makasitomala anga ndi a mashopu ang'onoang'ono, ogulitsa zitenje, a hadiweya, ndi amayi ooda katundu ku Nakonde. Zaka 9 tsopano ndikuyankha mafunso omwewomwewo. TPIN, nambala ija ya wokhoma msonkho, ndiipeza bwanji ku ZRA, bungwe lotolera misonkho? Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA n'chimodzimodzi ndi kutsegula kampani? Wantchito mmodzi yekha ndimulembetsenso ku NAPSA, bungwe la penshoni? Sabata yatha mayi wina anakhuthula pa tebulo panga malisiti a chaka chonse kuchokera m'pulasitiki, ena inki itafufutikiratu, n'kundifunsa ngati wapindula.

Ndiye ndinayamba kulemba mayankhowa usiku ana akagona, ndipo pano masamba akwana 84. Bambo a kunyumba akuti ndalama imene ndasunga ndigulire kompyuta, poti ya ku ofesi imazima yokha. Inu amene munatulutsapo buku, kodi linakubweretserani makasitomala, kapena ndi ulemu chabe? Ndipo ndilisiye m'Chinyanja mmene ndalembera kapena ndilitembenuze m'Chingerezi?

Bambo a ku Matero:
Amayi, gulani kompyuta. Ine ndinasindikiza mabuku 500 a kaphunzitsidwe ka masamu chifukwa wosindikiza anati ndikachulutsa mtengo wa buku limodzi utsika. Zinali zoona, koma sanandiuze kuti ogulitsa adzakhala ndani. Makatoni atatu ali pansi pa bedi mpaka lero, limodzi mphemvu zalowamo. Shopu ina ya mabuku inatenga 20, akuti adzandilipira akagulitsa. Ndapitako nsapato mpaka kutha.

Mayi woweta nkhuku, Chongwe:
Pepani bambo a ku Matero, koma mwayankha funso lina. Asisiwa sanafunse ngati angalemere ndi kugulitsa mabuku. Kabuku kanga ka kawetedwe ka nkhuku ndi kopyapyala, ndipo ndalama imene ndinapeza pokagulitsa sindingaitchule pagulu, n'zamanyazi. Koma ndinakatenga ku Agricultural and Commercial Show ku Showgrounds, ndinakaika pa tebulo pafupi ndi anapiye. Munthu amaima, n'kutsegula, n'kuona tsamba la katemera wa chitopa, basi macheza ayambika. Kale ndikanena mtengo wophunzitsira gulu ankanenerera ngati tikugulitsana tomato ku Soweto. Pano amayamba ndi kuti “inu ndi amene munalemba buku lija?” ndipo sanenereranso kwambiri. Gulu lina la amayi a kutchalitchi linandiitana kukaphunzitsa chifukwa mmodzi wa iwo anabwereka kabukuko kwa mnzake. Sanagule n'komwe! Nambala yanga anaipeza kuchikuto. Asisi, nambala yanu ilembedwe kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mnzanu wa ntchito yomweyo, Kabwata:
Langa ndi chenjezo. Zamisonkho zimasintha ndi bajeti chaka ndi chaka. Taonani turnover tax, msonkho umene mabizinesi ang'onoang'ono amalipira pa ndalama zonse zimene agulitsa: malire a ndalamazo anali K800,000 pa chaka, mu 2025 anafika K5 miliyoni, ndipo msonkhowo unachoka pa 4% kufika pa 5%. Amene anasindikiza manambala akale, buku lake likunamiza anthu tsopano, dzina lake lili pachikuto. M'bukumo muike zosasintha, monga kulekanitsa ndalama ya shopu ndi ya ndiwo, kulemba ngongole za makasitomala, kusunga malisiti. Manambala a chaka chino akhale pa kapepala kapadera kolowetsa mkati. Nkhani za makasitomala anu muzisinthe ndithu, ku Kamwala anthu amadziwana. Mayi wa pulasitikiyo akadzizindikira m'buku, mwamutaya pamodzi ndi anzake onse a mu mzere wake.

Mnyamata wa ku UNZA:
Anti, bwanji osangoika pa Amazon? Simulipira zosindikiza.

Mayi woweta nkhuku, Chongwe:
Mwanawe, wogulitsa zitenje ku Kamwala akagula pa Amazon ndi chiyani? Anthu athu amalipira pa Airtel Money kapena MoMo, buku n'kulilandira m'manja.

Agogo opuma pa ntchito yosindikiza, Chilenje:
Mwanangu, mabuku 500 ayi. Makina a masiku ano amatha kukusindikizira 50 okha. Limodzi limadula, koma sugona pamwamba pa makatoni. Upeze munthu wodziwa kalembedwe akuwerengere lisanapite ku makina, chifukwa wowerengera ndalama amene buku lake ladzaza zolakwika anthu amayamba kukayikira ndi masamu ake omwe. Ngati ukufuna lidzalowe m'mashopu a mabuku ndi m'malaibulale, utenge ISBN, nambala ija ya manambala 13 imene imakhala kumbuyo. Lamulo limafunanso kuti buku losindikizidwa muno m'Zambia upereke kope lake ku National Archives. Ambiri amaiwala zimenezi.

Za chilankhulo, mabuku a Chingerezi a nkhani imeneyi alipo kale, olembedwa ndi anthu a madigiri kuposa iwe. La Chinyanja lofotokozera mayi wa pamsika za TPIN ine sindinalionepo pa shelefu. Mawu ngati TPIN ndi turnover tax uwasiye momwemo, ndi mmene akawamvere ku ZRA.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Bambo a ku Matero mwandiopseza, koma mwandithandiza. Ndaganiza zoyamba ndi 50 m'Chinyanja, yotsalayo ndikonzetse kompyuta yakaleyi, bambo a kunyumba ndikambirana nawo madzulo. Masamba a manambala ndiwachotsa, mwina atsala 70. Agogo a ku Chilenje, wowerenga zolakwikayo amalipiritsa pa tsamba kapena pa buku lonse? Ndipo 50 amenewa ndizigulitsa, kapena ndizingopatsa amene wabwera kudzalembetsa bizinesi?