Katundu wafika padoko koma ajenti akukana kupereka delivery order

aMbewe:
Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndinaitanitsa maspeya a majenereta ku Ningbo ku China, LCL (kugawana kontena imodzi ndi anthu ena), pa CIF (mtengo wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi freight, yomwe ndi ndalama yonyamulira pa sitima). Supplier ndinamulipira 30% poyamba, 70% nditaona kopi ya B/L (bill of lading, chikalata chonyamulira katundu pa sitima), telex release (chilolezo chotulutsa katundu popanda B/L yeniyeniyo) anachita kale. Katundu wafika, koma ajenti wa forwarder (kampani yokonza za kanyamulidwe ka katundu) wanditumizira invoice ya destination charges (zolipira za padoko lofikira) yoposa freight yonse imene supplier akuti analipira. THC (zotsitsira katundu padoko), deconsolidation (zotsegula kontena), documentation, kenako china akuti agency fee. Akuti delivery order, chikalata chotulutsira katundu, sapereka ndisanalipire zonse, storage nayo yayamba kuwerenga. Nanga CIF ija ndinalipira chiyani? Makasitomala foni sakuisiya.

aGondwe:
CIF pa LCL ndi msampha, achimwene. Muzigula FOB, pomwe supplier amangokweza katundu m'sitima kwawoko, forwarder musankhe nokha. Ndakhala ndikunena.

Nachisale:
Pepani aMbewe, mchitidwewu ndi wofala. Consolidator wa ku China, amene amasonkhanitsa katundu wa anthu angapo m'kontena imodzi, amapatsa supplier freight yotsika kwambiri, nthawi zina yaulere, kuti apeze katundu wodzazira kontena. Ndalamayo amaibweza kudzera mwa ajenti wake wa padoko lofikira, ndipo wolipira ndi inu chifukwa dzina lanu ndilo lili pa consignee (wolandira katundu). CIF imafikitsa katundu padoko basi. Zotsitsa, zotsegula kontena ndi zamapepala ndi zanu, pokhapokha ngati munalemberana zina. Onaninso inshuwalansi yanu. Pa Incoterms 2020, malamulo a malonda a pakati pa maiko amene amatanthauzira CIF ndi FOB, wogulitsa wa CIF amangokakamizidwa kugula inshuwalansi ya Institute Cargo Clauses (C), yomwe ndi yochepetsetsa, ndipo katundu akawonongeka panyanja udindo unachoka kwa iye pomwe anakwezedwa m'sitima ku Ningbo.

aGondwe:
Ndiye ndi zomwe ndikunenazo. FOB.

Nachisale:
aGondwe, a ICC (International Chamber of Commerce) eni ake a Incoterms amalangiza FCA (pomwe wogulitsa amapereka katundu kwa wonyamula amene wogula wasankha) pa katundu wa m'kontena, osati FOB, poti katundu amaperekedwa kudepoti sitima isanafike n'komwe. Komanso katundu wa aMbewe ali kale padoko, FOB iwathandiza bwanji lero?

aJere:
Nkhani ya inshuwalansiyo musaipeputse. Kumbukirani sitima ya Ever Given mu Malichi 2021, inatseka ngalande ya Suez masiku 6. Eni sitima analengeza general average, kutanthauza kuti aliyense amene anali ndi katundu m'sitimamo asonkhe pa ndalama zoipulumutsira, ngakhale katundu wake sanakhudzidwe. Amene anali ndi inshuwalansi, kampani yawo inawaimira. Opanda inshuwalansi anafunika kuika ndalama yachikole katundu asanamasulidwe, ndipo sitimayo inachoka ku Egypt mu Julayi. Makampani akuluakulu ali ndi maloya a zimenezi. Ife a makatoni ochepa timangomva mawuwo tsiku limene atifikira.

aChirwa:
Ine chimene chimandiwawa ndi ma surcharge, ndalama zowonjezera pa freight. Kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinasiya kudutsa Red Sea chifukwa cha a Houthi a ku Yemen amene ankaukira sitima, n'kumazungulira Cape of Good Hope, ulendo wa ku Europe ukutalika ndi masiku 10 kapena kuposa. Makontena opanda kanthu anayamba kuchedwa kubwerera ku Asia, mitengo inakwera ngakhale panjira zosadutsa kumeneko. Akuluakulu ali ndi makontrakiti a chaka chonse. Ife timagula spot rate (mtengo wa tsikulo), ndipo malo akachepa m'sitima katundu wathu ndi amene amasiyidwa kuti adikire ina. Kasitomala wako umuuza za Yemen akumvera?

aGondwe:
Mukanakhala ndi forwarder wanuwanu akanakuuzani zonsezo musanalipire deposit. FCA, FOB, itchuleni momwe mungafunire, bola freight isakhale m'manja mwa supplier.

aMbewe:
Chabwino ndamva, koma panopa ndichite chiyani? Ndikane kulipira?

Nachisale:
Ayi, musakane n'kukhala chete, storage sidikira mkangano. Apempheni akupatseni tsatanetsatane wa chinthu chilichonse pa invoice, agency fee ija kawirikawiri amatsitsa mukalimba. Lemberani supplier pa imelo, osati WeChat yokha, mumuuze kuti oda yotsatira ikudalira mmene athandizire pa nkhaniyi. Mukamalipira lembani kuti mukulipira under protest, kutanthauza kuti simukugwirizana nazo. Ndipo musayerekeze kuwusiya katunduyo, ngongole idzakutsatani inu consignee, a kasitomu n'kudzagulitsa katunduyo pa okushoni.

aJere:
Musanapereke declaration ku kasitomu onani HS code, nambala yosonyeza mtundu wa katundu. Ma supplier ena amangolemba code imene imawakomera kwawo. Manambala 6 oyambawo ndi amene ali ofanana m'maiko onse a WCO (bungwe la za kasitomu la dziko lonse), otsatirawo dziko lililonse lili ndi ake. Maspeya a injini ndi maspeya a alternator sagwa pamutu umodzi. Akakupezani ndi code yolakwika, chilango ndi chanu, storage ikuwerengabe.

aGondwe:
Ulendo wina FOB, aMbewe.

aChirwa:
Kodi alipo amene walandirapo ndalama yake kudzera mu Trade Assurance, chitetezo cha ogula cha Alibaba, pa katundu wobwera wosakwanira pa oda? Supplier wanga akuti ndiyambe ndatseka dispute (dandaulo langa) kenako atumize zotsalazo.

aJere:
Musatseke.