Zotsatira za vuto la imelo lija

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene pulogalamu ya Thunderbird pa kompyuta ya mu ofesi yathu kuno ku Zomba inkakanira kulumikizana ndi seva ya makalata, pamene pa foni makalata omwewo ankafika bwinobwino. Ndikuthokoza nonse amene munayankha, ndipo ndikukudziwitsani kuti vutolo latha.

Monga munalangizira, ndinayamba ndi kuona ngati IMAP (njira yolandirira makalata) ili pa port 993 ndi chitetezo cha SSL/TLS, komanso SMTP (njira yotumizira makalata) pa 587 ndi chitetezo cha STARTTLS, ndipo zonsezi zinali m'malo mwake.

Gwero la vuto linali wotchi ya kompyutayo. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikazima, kanali katatha mphamvu, choncho magetsi akathima n'kuyakanso, kompyuta inkadzuka ikuonetsa deti la zaka zapitazo. Pulogalamuyo ikayerekeza detilo ndi satifiketi ya chitetezo ya seva, inkaona ngati nthawi yoti satifiketiyo iyambe kugwira ntchito sinakwane, n'kukana kulumikizana. Amene muli ndi makompyuta akale, chonde muziyamba mwayang'ana deti pakona ya sikirini musanafufute akaunti yanu.

Titaika kabatire katsopano n'kukonza deti ndi nthawi, makalata onse amene anaunjikana pa seva analowa nthawi yomweyo.