Kodi chikalata cha pa intaneti chingatimangitsire mlatho? Ndigaireni nzeru

Akuluakulu a pa gulu pano, ndabwera ndi funso, ndipo amene munachitapo zimenezi mundiyankhe mosabisa.

Kwathu ndi mbali ya ku Chamama, kuno ku Kasungu. Pali kamtsinje kamene kamatilekanitsa ndi sukulu, chigayo ndi chipatala. Mlatho wake unali wamitengo, madzi anaukokolola dzinja la chaka chatha. Mvula ikangogwa usiku umodzi, ana a sitandade 1 ndi 2 sapita kusukulu, akabaza amathera tsidya lino. Nthawi ya fodya, galimoto yonyamula mabelo kupita ku Chinkhoma imazungulira njira yakutali, mtengo n'kukwera. Koma chimene chandiimika pano ndi mlamu wanga. Matenda anamuyamba usiku mu February, tinamuwolotsa pa chitseko amuna anayi, madzi ali m'chiuno, tochi ili kukamwa. Mwana anabadwa bwino, Mulungu ndi wabwino, koma usiku umenewo sukundichoka m'mutu.

Njira zodziwika tinazitsata. Nkhani inakambidwa ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), inakwera ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), maminitsi alipo. Mchenga ndi miyala tinatuta tokha, milu ili pomwepo yamera udzu. Kunabwera anthu kudzayeza, anajambula zithunzi, anapita. Mpaka lero kuli zii.

Mng'ono wanga ali ku Johannesburg. Iye akuti tiyambitse chikalata cha madandaulo pa tsamba la pa intaneti la Change.org, achimwaza m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Joni ndi a ku Lilongwe, maina achuluka msanga. Ine mtima ukufuna, koma pali zondizunguza mutu. Kusayina pamenepo pamafunika imelo, ndipo m'mudzi mwathu eni imelo ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ambiri ali ndi kafoni kamabatani. Ngakhale ife a mafoni akuluakulu timagula bandulo ya WhatsApp, ukadina linki siitseguka. Ndiye osayina adzakhala anthu amene mtsinjewu sanauonepo, pamene agogo amene amawoloka atakwinya chitenje dzina lawo palibe. Wolandira chikalatayo sadzangoti awa si anthu akwanu?

Komanso tichilembere kwa ndani, khansala, phungu kapena bwanamkubwa? Ndipo mantha ndili nawo. Kuno ukangotsegula pakamwa amafunsa kuti wakutuma ndani, uli chipani chanji. Tamvanso za anthu omangidwa chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, pa lamulo lija la za pa intaneti la 2016. Ine ndilibe chipani, ndikufuna mlatho basi.

Mayi wa ku Santhe:
Mwana wanga, ndinakhalapo mu ADC, ndimvere. Yamba ndi pepala. Gula kope lachikuto cholimba, muyende khomo ndi khomo: dzina, mudzi, siginecha, wosatha kulemba adinde chala. Amfumu aikepo chidindo chawo. Kalata ipite kwa bwanamkubwa, khansala ndi phungu muwapatse makope. Popereka musapite wekha, ndipo mutenge makalata awiri, ina akudindireni kuti alandira, ikhale yanu. Mupemphe chinthu chimodzi chokha, mlatho, ndi tsiku loti akuyankheni. Mukaphatikizamo mijigo ndi makuponi, nkhani isungunuka. Za pa intanetizo zibwere pambuyo ngati ng'oma yoitanira anthu, koma masamba a maina ndi manambala a foni a anthu osawajambula n'kuwaponya pagulu ayi.

Bambo wina wa ku Kasungu boma:
Achimwene, dziwani kaye kuti palibe lamulo lokakamiza munthu kumanga mlatho chifukwa maina achuluka, kaya pa pepala kaya pa foni. Ngakhale mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, imene inali mu gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, aphungu anaichotsa mu 1995. Chikalata chimaluma chifukwa cha manyazi, ndiye chikafike ku wailesi ndi kwa atolankhani, ndi zithunzi za ana akuwoloka. Koma lamulo lokhala ndi mano lilipo, lija lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lembani kalata yofunsa ngati mlatho wanu uli mu ndondomeko ya chitukuko ya boma la Kasungu, komanso mndandanda wa ntchito za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) za dera lanu. Ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, akakhala chete mukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC. Za kumangidwazo, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wolankhula. Lembani zimene munaona ndi maso, musatchule munthu kuti wakuba popanda umboni, musatukwane.

Mnyamata wa ku Nkhamenya:
Bigi, za pa foni ndi zotaya nazo nthawi. Mu 2019 zikalata zinkamveka chifukwa anthu ankazipereka ndi miyendo, ali chikhamu. Anthu 50 oima pakhomo pa ofesi amaposa maina 5,000 osaoneka nkhope. Kungoti mukafuna kuyenda pagulu mudziwitse a DC kudakali maola 48, asakupezereni chifukwa.

Mwini funso:
Zikomo amayi, zikomo akuluakulu, ndalemba zonse. Kope ndigula mawa, ndipo mng'ono wanga ndamuuza kuti adikire kaye mpaka pepala litadindidwa. Za pa intaneti sindizitaya, chifukwa ana a kwathu amene ali kunja nawonso makolo awo amawoloka pomwepo, ndipo ndi amene amatumiza ndalama ya maliro zikavuta. Ndingowapempha kuti aliyense posayina alembe mudzi wakwawo.

Chatsala ndi chimodzi. Madzulo ano ndinakawagwadira amfumu. Akuti nkhaniyi ndi yoona, nawonso mdzukulu wawo amajomba kusukulu, koma chidindo akuopa, akuti angaoneke ngati akulimbana ndi boma. Amayi a ku Santhe, inu munkawalankhula bwanji mafumu pa zoterezi? Tipite kaye kwa agulupu, kapena tipereke chopanda chidindo?